Madzi a M'mtsinje ndi a M'mjigo Ndi Amodzi

Ndiyambe ndi funso. Kuno ku Mzimba mvula imasiya mu Epulo, koma mtsinje wa Mzimba, umene anthu a pa Boma amamwa, umayendabe miyezi yambiri pambuyo pake. Kodi madzi amenewa amachokera kuti?

Amachokera pansi pa nthaka. M'nyengo ya dzinja mvula ina imathamangira kumtsinje, ina imalowa pansi, makamaka m'madambo ndi m'nkhalango monga ya Perekezi. Madzi olowa pansi aja amayenda pang'onopang'ono ndi kukatulukira m'mitsinje ya Mzimba ndi South Rukuru m'chilimwe. Kafukufuku wa akatswiri a ku yunivesite ya Strathclyde ku Scotland pamodzi ndi boma la Malawi, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti m'chilimwe magawo oposa 90 pa 100 aliwonse a madzi a m'mitsinje yathu ndi ochokera pansi. Choncho mayi wotunga pamjigo ku Jenda kapena ku Edingeni ndi mayi wotunga kumtsinje, onse akutunga mumtsuko umodzi.

Vuto ndi lakuti mtsuko umenewu sitiuona. Apa ndi pamene akatswiri amagwiritsa ntchito kompyuta. Amagawa dera lonse m'timabokosi tambirimbiri, ndipo pa kabokosi kalikonse amauza makinawo mtundu wa nthaka ndi miyala, kuchuluka kwa mvula, ndi kuya kwa madzi m'mijigo. Makina aja amawerengera m'mene madzi amayendera kuchoka kabokosi kena kupita kena mpaka kumtsinje. Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi MODFLOW, imene inatuluka ku America mu 1984. Ikakonzedwa bwino, munthu angathe kuifunsa kuti: tikaika mapampu oyendera dzuwa pafupi ndi dambo ili kuti tithirire madimba, mtsinje udzaphwa mwezi uti? Nanga mitengo ikatha ndi makala?

Koma musaganize kuti kompyuta ndi mlosi. Imayankha molingana ndi zimene yapatsidwa, ndipo ikadyetsedwa zongoganizira imabwezanso zongoganizira, kungoti zolembedwa bwino. M'dziko muno miyeso ya mitsinje yambiri ili ndi mipata ya zaka, ndipo mijigo imene imayezedwa kawirikawiri ndi yochepa.

Pamenepa ndiye pali udindo wanu. Komiti ya mjigo isamangolemba za ndalama zokha. Izilembanso tsiku limene madzi anayamba kuchepa ndi limene anabwerera. Okumba mjigo asanachoke, apempheni pepala losonyeza kuya kwa mjigowo ndi pamene anapeza madzi, ndipo mulisunge. Lamulo la za madzi la 2013 likuti wofuna kupopa madzi ambiri, a pansi kapena a m'mtsinje, ayambe watenga chilolezo ku bungwe la National Water Resources Authority. Wina akabwera ndi pampu yaikulu kumtunda kwanu, muli ndi ufulu womufunsa, pamaso pa a mfumu, ngati chilolezocho ali nacho, ndiponso ngati alipo amene anawerengera za chitsime cha anthu a kumunsi.