Za Kugwetsa Nyumba Zakale mu Mzinda wa Glasgow

Nkhani yanga iri ya Glasgow, mzinda waukuru wa ku Scotland. Dzinali siliri lacilendo kwa ife, pakuti David Livingstone anaphunzira za mankhwala kumeneko, ndipo anabadwa mu 1813 ku Blantyre, pafupi ndi mzindawo, m'nyumba ya cipinda cimodzi.

Nkhondo yaciwiri itatha mu 1945, mu Glasgow munali anthu oposa 1,000,000, ndipo pafupifupi theka la nyumba zace zinali za cipinda cimodzi kapena ziwiri. Ku dera la Gorbals banja lonse linali kuphika, kudya ndi kugona m'cipinda comweco, ndipo mabanja angapo anali ndi cimbudzi cimodzi ca pa makwerero. Cifuwa cacikuru cinafala, kotero kuti mu 1957 anthu oposa 700,000 anajambulidwa m'cifuwa pa masabata 5 okha. Tsono lingalirani, aphunzitsi: mwana wa m'nyumba yotere akalembera pati nchito imene mwampatsa? Akaodzera m'kalasi, mlandu uli wa yani?

Akuru a dziko anaona coipaci, nayamba kusamutsa anthu. Anakhazikitsa midzi yatsopano, East Kilbride mu 1947 ndi Cumbernauld mu 1955, ndipo kumalire a mzinda anamanga nyumba zikwizikwi ku Castlemilk, Drumchapel ndi Easterhouse. Mu 1957 boma linabvomereza kugwetsa nyumba zakale za ku Gorbals. Pamalo pace panaimirira nyumba za nsanja 20 zochedwa Queen Elizabeth Square, zimene anazilinganiza Basil Spence, ndipo zinatha mu 1965.

Tisanyoze nchito imeneyi. Mabanja ambiri analandira kwa nthawi yoyamba bafa ndi cimbudzi caocao, ndipo ana aamuna ndi aakazi anagona m'zipinda zosiyana. Koma omangawo anamanga nyumba, osamanga mudzi. Ku malo atsopano masitolo ndi nyumba zosonkhanira zinacedwa kufika; nchito inatsala kutali, ndipo basi inali kudya malipiro. Agogo anawatumiza kwina, adzukulu kwina, ndipo mnansi wopemphana naye mcere sanaonekenso. Mai wokhala pa nsanja yam'mwamba sanathe kuyang'anira mwana wace wosewera pansi. Cikepe cikafa, nkhalamba inakhala ngati wandende m'nyumba yaceyace. Cinyontho cinalowa m'makoma. Mu 1993 nyumba zazitalizo anazigwetsa ndi zophulitsa, zitakhala zaka 28 zokha, ndipo pomanganso Gorbals anabwerera ku nyumba zazifupi zopenya kumseu.

Cinalakwika nciani? Olinganizawo anali anthu ophunzira ndi ofuna zabwino, koma anawerenga zipinda ndi mipope, osafunsa eni ace cimene cinali kuwasunga pamodzi. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Kuno kwathu funso lomweli linafika pa makomboni a mu Lusaka, ndipo kuyambira mu 1974 boma linasankha kukonza George ndi Chawama, kulambula miseu ndi kuika mipope, m'malo mwa kupasula zonse.

Potsiriza ndikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, dziwani kumene mwana ali yense wa m'kalasi mwanu agona, musanamlange cifukwa ca nchito yosalembedwa. Caciwiri, pemphani akuru a sukulu kuti cipinda cimodzi cikhale cotsegula madzulo, kuti osowa malo kwao awerengeremo. Cacitatu, mukamva kuti anthu a m'dera lanu adzasamutsidwa, pitani ku msonkhano, ndipo mukafunse kuti sukulu idzakhala pati, msika pati, ndiponso ngati acibale adzaloledwa kukhala moyandikana. Inu mudziwa kuwerenga mapepala a boma. Makolo ambiri adzadalira inu kuti mau ao amveke.