Mbale 8, magalasi 8: zomwe ndinakumana nazo pa tebulo la ku Cape Town

Inu muli kumbuyoko mukundimva eti? Chabwino.

Nditanena kuti lero ndikamba za chakudya cha m'lesitilanti, ena munaseka. Akuti iwe, anthu tikulira ndi mtengo wa ufa ndi mafuta ophikira, ndiye ukufuna utiuze za kumene amadya mabwana? Ndakumvani. Koma ambiri mwa inu mwayamba ntchito, ena kubanki, ena m'mabungwe, ena muli ndi bizinesi zanu, ndipo tsiku lina munthu adzakuuzani kuti "nkhani imeneyi tikaimalizire pa chakudya chamadzulo." Ine zinandichitikira chaka chatha ku Cape Town, ndipo ndinapita ndili mbuli yotheratu.

Tinali ku msonkhano wa masiku anayi. Tsiku lomaliza bambo wina wamkulu, wa bungwe lina lomwe timayembekezera kuti litithandiza ndi ndalama, anati watisungira malo ku lesitilanti ina yotchuka. Ine ndinamva ngati tikhala gulu. Nditafika ndinapeza tebulo la anthu awiri. Akuti enawo atopa. Mtima unagunda, koma ndinakhala pansi, poti ndinkaganiza za ntchito yathu komanso sindinafune kuoneka wamwano.

Malo amenewa sakupatsa pepala loti usankhe nkhuku kapena chambo ayi. Amachitcha tasting menu. Wophika wamkulu amakhala atakonza kale mndandanda wa zakudya, ndipo aliyense amadya zomwezo, motsatana, pang'onopang'ono. Ife zinali mbale 8. Mbale yake yaikulu ngati chiwaya, koma chakudya chili pakatikati, chongokwana masupuni atatu. Mbale yoyamba itabwera ndinaganiza za agogo anga, kuti akanaona akanafunsa ngati kukhitchiniko kwagwa maliro. Koma musanyozere. Zimatenga maola atatu, ndipo pofika mbale yachisanu ndi chimodzi umayamba kumasula lamba.

Ndiye pali vinyo. Ukavomera zomwe amati wine pairing, mbale iliyonse imabwera ndi vinyo wakewake, m'galasi lakelake. Pamakhala munthu amene ntchito yake ndi vinyo basi, amamutcha sommelier. Amabwera ndi botolo, kukuuza kumene mphesa zake zinalimidwa, chifukwa chake wasankha ameneyo, n'kuthira pang'ono. Bambo aja anavomera m'malo mwa tonse awiri, osandifunsa.

Ndisaname, mmene amasanjira zinthuzi muli nzeru, ndipo ndi nzeru yomwe tonse tili nayo kale. Bwanji timafinyira mandimu pa chambo chokazinga? Chifukwa kuwawasa kumachepetsa mafuta m'kamwa. Vinyo woyera wowawasira amagwira ntchito yomweyo, n'chifukwa chake amabwera ndi nsomba. Ife tinayamba ndi oyster, kanyama ka m'nyanja yamchere kokhala m'chigoba kamene amadya kosaphika. Ndinatseka maso n'kumeza. Kanabwera ndi vinyo wathovu amene ku South Africa amamutcha Cap Classique, wopangidwa mofanana ndi Champagne wa ku France. Nsomba inabwera ndi Chenin Blanc, mtundu wa mphesa umene umalimidwa kwambiri kuposa ina yonse m'dzikomo.

Vinyo wofiira ali ndi khalidwe lina. Mukudziwa mmene m'kamwa mumaumira ukaluma nthochi yosapsa, kapena ukamwa tiyi wamasamba ambiri wopanda mkaka? Vinyo wofiira amachita zomwezo, chifukwa cha zinthu zochokera m'makungu ndi nthanga za mphesa. Ukamumwa payekha amakwinyitsa nkhope. Koma ukamumwa ndi nyama yamafuta kuuma kuja kumatha, nyamanso imakoma kuposa poyamba. Ife anatipatsa nyama ya nkhosa ya ku Karoo ndi Pinotage, mphesa yomwe inabadwira ku South Africa komweko, pamene katswiri wina wa ku Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa. Pa mbale imeneyo ndinasiya kuseka. Inali yokoma, asisi, sindibisa. Kumapeto kumabwera zotsekemera ndi vinyo wotsekemera kuposa chakudyacho, apo ayi vinyoyo amamveka wowawa. Ndiye dongosolo lake: kuyamba ndi zopepuka kumalizira zolemera, woyera patsogolo, wofiira pambuyo, wotsekemera pomaliza.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa ndi masamu amene palibe anandiuza. Galasi lililonse amathira pang'ono, tinene mamililita 75. Ukaliyang'ana umati aka n'kachani. Koma 75 kuchulukitsa ndi 8 ndi 600. Botolo lonse la vinyo ndi mamililita 750. Ndiye kuti wamwa pafupifupi botolo lathunthu wekha. Ndipo vinyo si Green. Mowa wa m'botolo mphamvu yake imakhala cha m'ma 5 peresenti, vinyo ndi 12 mpaka 14, ena kuposa pamenepo. Mukawerengera bwino, magalasi ang'onoang'ono aja akufanana ndi ma Green asanu. Ndani mwa inu angamwe ma Green asanu pamaso pa munthu amene akukambirana naye za ndalama za bungwe? Palibe. Koma akabwera mmodzimmodzi, m'galasi lokongola, munthu wovala bwino akukufotokozera za dothi la ku Stellenbosch, suwerenga. Onjezani apa kuti thupi la mkazi limakhala ndi madzi ochepa poyerekeza ndi la mwamuna, kotero ngakhale mumwe mofanana, mowa umachuluka msanga m'magazi mwako kuposa mwa iye.

Ine ndinadziwira kuchimbudzi. Nditaimirira pambuyo pa mbale yachisanu, pansi panachita ngati pakupendekeka. Nkhani pa tebulo inali itasinthanso. Za bungwe zinatha pa mbale yachitatu. Tsopano anali mafunso akuti ndili ndi chibwenzi kapena ayi, akuti hotelo yawo ili pafupi, akuti si mtsikana aliyense amene amamubweretsa malo ngati ano. Anatchulanso mtengo wa chakudyacho, kawiri. Unali woposa lendi yanga ya mwezi.

Ndili pa sinki ndikusamba m'manja, ndinadziyankhulira ndekha mokweza kuti "Mayo ine, ndalowa chiyani?" Mtsikana wina wovala yunifolomu, amene ankatichotsera mbale, anatembenuka. Anati, "Asisi, ndinu a kumudzi?" Anali wa ku Mangochi. Mukudziwa kuti abale athu ambiri ali m'makhitchini ndi m'malesitilanti a ku Cape Town. Sanachulutse gaga m'diwa. Anati, "Mwamwa asanu, kwatsala atatu, ndipo womaliza ndi wotsekemera, amanyenga. Muwauze kuti basi. Sakakamiza ayi. Ndikubweretserani madzi. Foni ili ndi moto? Muitane Uber musanatuluke, mudikire m'kati."

Ndinachita zomwezo. Sommelier atabwera ndi botolo lachisanu ndi chimodzi ndinati zikomo, ine ndalekeza pano. Anangogwedeza mutu n'kuchotsa galasi, osadabwa n'komwe. Amene anadabwa ndi bambo aja. Anati ndikuononga zinthu zolipira kale. Ndinati pepani, mukhoza kumwa wangayo.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinandimwetsa magalasi asanu aja, poti ine si wamowa kwenikweni. Anali manyazi. Ndinkaopa kuoneka wa kumudzi. Mafoloko, mayina a Chifalansa, anthu akununkhiza galasi ngati akufufuza mlandu, zonsezo zinandichititsa kudziona wochepa, ndipo munthu ukadziona wochepa umangovomera chilichonse. Chonsecho za mafolokozo ndi zosavuta. Malo ambiri otere amakubweretsera foloko ndi mpeni zatsopano pa mbale iliyonse, ndipo zikakhala zoyala kale umayambira zakunja kulowa m'kati. Ukapanda kudziwa kadyedwe ka chinthu, umafunsa. Anthu ogwira ntchito pamenepo amakonda kufunsidwa, ndiyo ntchito yawo.

Ndipo amene amadziwa vinyo sanabadwe akumudziwa. Ntsiki Biyela anakulira kumudzi ku KwaZulu-Natal. Anapeza mwayi wa maphunziro a kapangidwe ka vinyo ku yunivesite ya Stellenbosch asanalawepo vinyo chibadwire. Mu 2004 anayamba ntchito ku Stellekaya n'kukhala mkazi wakuda woyamba kukhala katswiri wopanga vinyo ku South Africa, ndipo lero ali ndi kampani yake, Aslina, dzina la agogo ake aakazi. Anyamata anayi a ku Zimbabwe omwe anapita ku South Africa kukasaka maganyu, mmodzi wa iwo Tinashe Nyamudoka, anadzakhala ma sommelier mpaka kukapikisana ku France mu 2017 pa mpikisano wozindikira vinyo pongomulawa. Ngati mungaipeze filimu yawo, Blind Ambition, ioneni. Ndiye ine ndinkachita manyazi ndi chiyani?

Pali china chomwe sommelier sananene pofotokoza za dothi ndi mphepo ya kunyanja. Minda ya mphesa ya ku Cape inalimidwa ndi akapolo, ena ochokera ku Mozambique. Ukapolo utatha, eni minda ankalipira antchito mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, mchitidwe wotchedwa dop, ndipo unapitirira zaka zambiri ngakhale lamulo litauletsa. Mpaka lero madera amenewo ali m'gulu la malo omwe ana ambiri amabadwa ndi mavuto chifukwa choti mayi ankamwa ali oyembekezera. Sindikunena kuti musamwe vinyo wa ku Cape. Ndikungoti ngati muli oyembekezera, kapena mukukayika, ngakhale kagalasi kamodzi kaja kasiyeni.

Mukaitanidwa malo otere, pitani ngati mukufuna, chakudyacho n'chokoma. Koma funsani kuti kukhala ndani ndi ndani, ndipo mukapeza tebulo la awiri pomwe munauzidwa za gulu, dziwani kuti mwanamizidwa kale kamodzi. Vinyo amalipiridwa padera, si mbali ya chakudya, ndiye mukhoza kumukana yense, kapena kuitanitsa galasi limodzi loti muyende nalo usiku wonse. Malo ambiri ali ndi zakumwa zopanda mowa zosanjidwa mofanana, za zipatso ndi tiyi. Mukasankha vinyo, lawani n'kusiya wotsalayo m'galasi, palibe amene adzakufunseni. Imwani madzi pa mbale iliyonse. Mnzanu mmodzi adziwe kumene muli, ndipo ndalama yobwererera ikhale yanu, m'foni mwanu. Akayamba kutchula mtengo wa chakudya, musayankhe ngati muli ndi ngongole. Anakuitanani okha, bilu ndi yawo.

Ndalama za bungwe zija sizinabwere. Sindinganene motsimikiza kuti chifukwa chake ndi usiku umenewo, koma maimelo anga atatu sanayankhidwe. Nditabwerako ndinafotokozera atsogoleri anga zonse, ndipo tinagwirizana kuti kumisonkhano ya ndalama tizipita awiriawiri.

Mtsikana wa ku Mangochi uja anandiperekeza mpaka pakhomo, anayang'ana nambala ya galimoto ngati ikufanana ndi ya pa foni, kenako anandipatsa kabokosi ka maswiti amene amapereka pomaliza, oti sindinawadikire. Ndinamupatsa ma rand onse omwe anatsala m'chikwama changa. Anati ndikafika ndikapereke moni kunyanja. Dzina lake sindinalifunse, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Ndaona manja awiri ali m'mwamba. Tiyambe ndi asisi avala zofiirawo.