Tchuthi cha Khirisimasi, Chibwenzi ndi Mayeso a Fomu 4



A komiti adandipempha kuti ndiyankhulepo za m'mene tingasungire ana athu a Fomu 4 pa tchuthi cha Khirisimasi. Ine sindine mphunzitsi ayi. Ntchito yanga ndi yonyamula mafayilo ku Capital Hill. Koma nkhani imeneyi ndidayiona kawiri, poyamba ndili mwana, kachiwiri ndili kholo, tsono mundilole ndifotokoze zonse ziwiri.

M'chaka cha 1994 ndidali mu Fomu 4. Sukulu zitatsekera Khirisimasi, bambo adanditumiza kwa malume ku Area 10, ati kumayadi kuli magetsi ndiponso kulibe phokoso, mwana akawerenga bwino. Chimene bambo sadadziwe n'chakuti mtsikana amene ndinkalemberana naye makalata teremu yonse ankakhala ku Old Town, cha ku Bwalo la Njobvu. M'mawa ndinkatsanzika kuti ndikupita ku laibulale ya ku City Centre, ndipo ndinkafikako ndithu. Ndikakhala mphindi makumi awiri, buku la Biology lili chitsekulire, mtima unkayamba kuthamanga. Basi ulendo wapansi, kutsika msewu wa Kenyatta, kuwoloka Lingadzi, kudutsa nkhalango ya Nature Sanctuary, mpaka pa positi ofesi ya ku Old Town pamene tinkakumana. Ndalama ya basi ndinkasungira Fanta. Masabata awiri adatha chomwecho, osawerenga ngakhale mutu umodzi.

Kenaka azakhali, akazi a malume, adapeza kalata m'thumba la thalauza pochapa. Malume sadandifunse kanthu. Adangolamula mlonda kuti geti asanditsekulire, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkatuluka m'chipinda nthawi ya chakudya yokha. Ine manyazi ndi mantha zitandigwira, ndidati nditolere m'masiku khumi zonse zimene ndidataya. Nonse mukuidziwa njira yathu ija: miyendo m'beseni la madzi ozizira, tiyi wopanda mkaka wakuda bii, kugona 2 koloko ndi kudzuka 5 koloko. Udzudzu wa m'dzinja unkachita phwando pa miyendo yanga. Nditabwerera kusukulu mu Januwale ndidangotha masiku atatu, malungo n'kundigwetsa, ndipo masabata awiri oyamba a teremu ndidathera pa bedi. Zimene ndidawerenga usiku uja, nditadzuka, zidali zitauluka zonse. Zimene zidandipulumutsa mpaka kukafika ku Chancellor College ndi zomwe ndidawerenga pang'onopang'ono, masana, m'miyezi yotsatira.

Mtsikana uja adamva kwa anzake kuti ndamuthawa. Sadandilemberenso. (Amene mukuseka kumbuyoko ndikukuonani, ena mwa inu ndinu amene munkanyamula makalatawo.)

Tsopano tidumphe tifike m'chaka cha 2020. Mukumbukira kuti sukulu zidatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo a Fomu 4 adabwerera mu Seputembala. Mayeso a MSCE atayamba, mu Novembala boma lidawaimitsa chifukwa mapepala ena adawonekeratu, ndipo ana adauzidwa kuti adzalembanso mu Januwale 2021. Choncho Khirisimasi ya chaka chimenecho idagwera pakati penipeni pa kukonzekera mayeso. Mchemwali wanga adanditumizira mwana wake wamkazi, mawu ake omwe aja a bambo: kwa amalume ako kulibe phokoso. Apa malume tsopano ndidali ine.

Sipadapite sabata, mayi a kunyumba adandinong'oneza kuti mwanayu foni sikuchoka m'manja, ndipo pali mnyamata. Ndikuuzeni zoona, mawu oyamba amene adafika pakamwa panga adali a malume anga: landani foni, tsekani geti. Ndidawameza. Madzulo tidamuitana pakhonde, mayi ake a kunyumba ali pomwepo, ndipo ndidamufotokozera za positi ofesi ya ku Old Town. Adaseka mpaka misozi. Atatha kuseka adayamba kulira zenizeni. Nkhani yaikulu sidali mnyamata ayi. Mwanayu adali asakugona. Ankadzuka pakati pa usiku kuwerenga, mutu ukuwawa, poganiza kuti chaka chonse chapita m'madzi ndipo mayeso angathe kulepherekanso. Mnyamata uja ndiye yekha amene ankamufunsa kuti wadzuka bwanji.

Tidapangana motere. Kuwerenga kuyambira 7 koloko mpaka 12 koloko, foni ili m'kabati mwa azakhali ake. Masana agone kapena athandize kukhitchini, kenaka maola awiri a mapepala akale a MANEB, akudziwerengera nthawi monga m'chipinda cha mayeso. Ikakwana 10 koloko usiku, magetsi azime. Loweruka masana mnyamata aloledwa kubwera, koma akhale pabalaza, osati kumakumana kuseri kwa mpanda. Lamulungu ndi tsiku la Khirisimasi, buku osaligwira. Mnyamatayo atabwera koyamba ankanjenjemera ngati wafika kupolisi. Zidapezeka kuti masamu amawadziwa kuposa ine.

Ena mwa inu munena kuti uku n'kulekerera. Ndikumva, ndipo mantha anu ndi anga omwe: tonse tidaona atsikana ambiri amene sadabwerere kusukulu chaka chimenecho chifukwa cha mimba ndi maukwati. Nkhani imeneyo azakhali ake adakhala naye pansi paokha, mosabisa mawu. Koma geti lotseka silidandiletse ine kuganiza za ku Bwalo la Njobvu. Lidangondiphunzitsa kubisa. Chibwenzi chimene mukuchiona pabalaza mungathe kuchiikira malire, pamene cha m'foni pansi pa bulangete mudzachidziwa mochedwa.

Za tulo ndiye ndilimbikirepo, chifukwa ife a m'badwo wa beseni timayesa kuti mwana wogona ndi waulesi. Madokotala amati wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, ndipo ndi m'tulo m'mene ubongo umasunga zimene munthu waphunzira masana. Kumbukiraninso kuti mapoyintsi a MSCE amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, ndipo Chingerezi sachilephera ngati akufuna satifiketi. Pa tchuthi cha masabata ochepa, msiyeni alimbane ndi maphunziro awiri kapena atatu amene akumuvuta, osati kuthamanga ndi onse. Adye nthawi yake, agone m'neti, atuluke akawongole miyendo.

Zotsatira za mayeso amenewo zitatuluka, amene adakhoza m'dziko muno sadakwane theka. Mwana wa mchemwali wanga adali m'gulu la okhoza. Za mnyamata uja musandifunse, chibwenzicho chidatha chokha Pasaka asanafike.

A Pampando, ndili ndi pempho limodzi. Ambiri tili ndi mapepala akale a mayeso ndi mabuku a ana athu amene adamaliza, angounjikidwa m'makatoni. Tiwabweretse kwa a mlembi sukulu zisanatsekere, kuti a Fomu 4 a pasukulu yathu apite nawo ku tchuthi.