Tidziwe Nkhuku Tisanagule



Madzulo ano, tisanatsegule makope, tiyeni tikambe za nkhuku. Pakhomo pa aliyense wa ife pali nkhuku. Nkhuku ndiyo ndiwo ya mlendo. Nkhuku ndiyo sopo, mchere ndi kope la mwana wa sukulu. Tsono munthu akagula nkhuku yosayenera, wataya zambiri.

Mayi ena a m'kalasi lathu lino anatiuza zimene zinawaonekera. Anagulitsa nyemba zawo, napita kumsika, nagula mathadzi atatu ofiirira. Wogulitsa anati, "Umenewu ndi mtundu wabwino." Mathadziwo anaikiradi mazira ambiri. Mayiwo anasonkhanitsa mazira m'chisa, nadikira. Sabata inatha, mwezi unatha, koma panalibe ndi imodzi yomwe yofungatira. Mazira anaola. Ena anati nkhukuzo n'zolodzedwa.

Ayi anzathu, sizinalodzedwe. Mayiwo amafuna nkhuku zoti zichulukane, koma anagula nkhuku zongoikira. Kuti ife zisationekere, tidziwe kuti nkhuku zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi nkhuku zathu zachikuda. Tonse tizidziwa. Zili ndi mawanga osiyanasiyana, zina ndi za kameta. Thadzi liikira mazira 10 kapena 15, lifungatira masiku 21, liswa, ndi kulera lokha anapiye.

Gulu lachiwiri ndi nkhuku za mtundu weniweni. Tambala ndi thadzi a mtundu umodzi abala ana ofanana nawo, ndipo anawo abalanso ofanana nawo. Chitsanzo ndi Black Australorp, nkhuku yakuda yochokera ku Australia. Abale athu a ku Malawi aitcha Mikolongwe, chifukwa cha famu ya boma ya ku Mikolongwe. Ina ndi Rhode Island Red, nkhuku yofiira yochokera ku America.

Gulu lachitatu ndi nkhuku za haibulidi zoikira mazira. Makampani aakulu asunga makolo a mibadwo yosiyana, nawakweretsa, naswetsa mazira m'makina, nagulitsa anapiye. Zina mwa izo ndi ISA Brown, imene inapangidwa ku France m'chaka cha 1978, Lohmann Brown ya ku Germany ndi Hy-Line Brown ya ku America. Ziyamba kuikira zili ndi masabata 18 mpaka 20. Zikadya bwino, imodzi iikira mazira pafupifupi 300 pa chaka.

Ife alimi nkhani imeneyi si yachilendo. Tikabzala chimanga cha haibulidi tikolola zambiri. Koma tikatenga mbewu m'nkhokwe ndi kubzalanso, chimanga chisiyana msinkhu ndipo zokolola zitsika. Nkhuku ya haibulidi ili chimodzimodzi. Mphamvu yake ili pa mbadwo umodzi. Ana ake atuluka ena oyera, ena ofiira, ena amawanga, ndipo saikira ngati mayi wawo.

Nanga tizisiyanitsa bwanji? Chovuta chili pa nkhuku zofiira, pakuti Rhode Island Red ndi haibulidi yofiirira zioneka ngati pachibale. Ndi pachibaledi, chifukwa haibulidi yofiirira ibadwa kwa tambala wofiira wa mtundu umenewo ndi thadzi loyera. Tsono tiyang'ane zinthu zisanu.

Choyamba, nthenga. Igwireni nkhuku, mutukule nthenga za pamsana ndi chala. Haibulidi pamwamba ndi yofiirira, koma kunsi kwake kuli nthenga zoyera. Kumchira nakonso kuli zoyera. Rhode Island Red ndi yofiira moderapo ngati katondo wonyowa, kunsi kwake n'kofiiranso, ndipo mchira wake ndi wakuda. Black Australorp ndi yakuda thupi lonse, nthenga zake zinyezimira mobiriwira padzuwa, miyendo ndi yakuda, koma kuphazi kunsi n'koyera. Si nkhuku yakuda iliyonse imene ili Mikolongwe.

Chachiwiri, thupi. Haibulidi ndi yopepuka, ilemera makilogalamu awiri kapena kucheperapo.  Ya mtundu weniweni ndi yojintcha, ya chifuwa chachikulu.

Chachitatu, mlomo. Mukaona thadzi la mlomo wodulidwa kunsonga, dziwani kuti lachokera ku famu yaikulu. Kumeneko adula milomo kuti nkhuku zisajomphane. Mafamu agulitsa nkhuku zotere zikaikira kupitirira chaka, mazira atayamba kuchepa. Ndiwo yake ndi yabwino, koma musalipire mtengo wa msoti.

Chachinayi, anapiye. Mwa haibulidi yofiirira, mwanapiye wamkazi abadwa wofiirira, wamwamuna abadwa woyera. Munthu akakugulitsani anapiye oyera motchipa, nati ndi a nkhuku zofiira zoikira, mudzaweta atambala okhaokha. Anapiye a mtundu weniweni afanana onse, aamuna ndi aakazi.

Chachisanu, khalidwe. Haibulidi iikira ndi kuchoka pachisa. Mtima wofungatira anauchotsa dala posankha makolo, chifukwa nkhuku ikafungatira ileka kuikira. Za mtundu weniweni nazonso zina sizifungatira kawirikawiri. Koma mazira ake mukaikira thadzi lachikuda, anapiye atuluka ofanana ndi makolo awo. Umenewu ndiwo umboni woposa onse: mtundu udziwika ndi ana ake.

Sitikunena kuti haibulidi ndi yoipa. Iliyonse ili ndi ntchito yake. Amene muli pafupi ndi msika, monga ku Ulongwe kapena ku Tete, ndipo mufuna kugulitsa mazira, haibulidi ikuthandizani. Koma muwerengere mtengo wake. Nkhuku imodzi idya magalamu 110 mpaka 120 a chakudya chosakaniza bwino pa tsiku. Nkhuku 10 zimaliza kuposa kilogalamu imodzi tsiku lililonse. Zifunanso khola labwino ndi madzi oyera osatha. Mukazipatsa gaga yekha, mazira achepa. Mukazitayirira kutchire, sizichenjera kuthawa mphamba ndi agalu ngati zathu. Ndipo zikakalamba, mudzagulanso anapiye ena.

Amene mufuna khola loti lizikula lokha chaka ndi chaka, sungani zachikuda, kapena mupeze tambala ndi mathadzi a mtundu weniweni. Musagulitse mathadzi onse achikuda, pakuti ndiwo makina athu oswera mazira.

Chitopa chokha sichisankha mtundu. Chikafika chisesa khola lonse. Katemera wake ndi dontho limodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, kwa nkhuku zonse, zazikulu ndi zazing'ono. Nkhuku yatsopano isalowe m'khola tsiku lomwelo. Ikhale payokha masabata awiri, tione ngati ili bwino.

Popita kukagula, tifunse mafunso atatu. Dzina la mtundu wake ndi chiyani? Yabadwa liti? Makolo ake ali kuti? Woweta mtundu weniweni adzakuonetsani tambala ndi thadzi. Wogulitsa anapiye a kampani ali ndi bokosi kapena pepala lolembedwa dzina. Kale tikadangogwedeza mutu. Lero tiwerenga tokha dzinalo, chilembo ndi chilembo.

Mayi aja anachita bwino pambuyo pake. Mazira a mathadzi ofiirira agulitsa, ndipo ndalama zake anagulira misoti iwiri yachikuda. M'kope lawo alemba mazira a tsiku lililonse ndi chakudya chimene agula. Pakutha pa mwezi aona okha ngati apindula.

Tsopano titsegule makope. Tilembe mawu awa: nkhuku, dzira, thadzi, tambala, msoti, nthenga, mtundu. Tikatha tiwerengere: nkhuku 5, iliyonse idya magalamu 120 pa tsiku. Pa sabata zidya magalamu angati? Mawa aliyense abwere atawerenga nkhuku za pakhomo pake, atiuze kuti ndi za gulu liti.