NTHOMBA INATHA BWANJI?

Lero ndikufuna tikambe za nthomba. Ambirife sitinaionepo, koma kafunseni agogo kunyumba. Mwa anthu 10 ogwidwa nayo, pafupifupi atatu ankamwalira. Opulumuka ankatsala ndi zipsera kumaso, ena osaonanso.

Katemera wake ndi wakalekale. Mu 1796 dokotala wa ku England, Edward Jenner, anamuyesa atamva kuti okama ng'ombe amene anadwalapo nthomba ya ng'ombe sankagwidwa ndi nthomba yoopsayo. Komatu zaka 170 zinadutsa anthu akufabe.

Chakumapeto kwa 1966, kum'mawa kwa dziko la Nigeria, dokotala William Foege anali ndi katemera wochepa, wosakwanira aliyense. Ndiye anatani? Anatumiza uthenga pa wailesi za amishonale kuti m'midzi afufuze odwala. Akapezeka wodwala, ankatemera a pabanja pake, oyandikana naye ndi a kumisika komwe anthuwo ankapita, monga mmene timalambulira kuzungulira nkhokwe kuti moto wolusa usafike. Matenda anasowa kolowera.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO litakulitsa ntchitoyi mu 1967, njira imeneyi inafalikira m'maiko ambiri. Azaumoyo ankayenda m'masukulu ndi m'misika atanyamula chithunzi cha mwana wodwala nthomba, n'kumafunsa ngati kuli wina wotero kumudzi. Mabanja ena ankabisa odwala chifukwa cha mantha, koma ana a sukulu ankaulula. Ine apa m'pamene pamandigwira mtima, chifukwa ntchito yaikulu chonchi inadaliranso ana.

Tisanamizane, kachilombo ka HIV n'kosiyana. Nthomba inkaonekera pankhope, pomwe HIV sungaidziwe pomuyang'ana munthu, mpaka atayezetsa magazi. Ndipo katemera wake sanapezekebe.

Womaliza kutenga nthomba m'njira yachibadwa anali Ali Maow Maalin, mnyamata wa zaka 23, wophika pachipatala ku Merca, m'dziko la Somalia, mu Okutobala 1977. Iyeyu anali atazemba katemera poopa kuwawa kwa singano. Mwamwayi anachira, ndipo pa 8 Meyi 1980 WHO inalengeza kuti nthomba yatha padziko lonse. Pambuyo pake Maalin anadzipereka pa ntchito ya katemera wa poliyo, akumauza makolo zomwe zinamuchitikira. Anamwalira ndi malungo mu 2013, ali mkati mwa ntchito yomweyo.