Kwa Mulungu Kulibe Mkamwini

Tili m'masiku a chikondwerero cha Oyera Mtima Onse, chimene mpingo umachita pa 1 November, ndipo mawu athu ali pa Yohane 8:35. Pamenepo Ambuye Yesu akusiyanitsa anthu awiri okhala pansi pa denga limodzi, kapolo ndi mwana. Onse amadya nsima ya mumphika umodzi. Koma mmodzi tsiku lina adzauzidwa kuti amange katundu wake, pamene winayo palibe angamuchotse, chifukwa nyumbayo ndi ya atate wake.

Za ukapolo ife tinangomva kwa agogo athu. Koma kuno kum'mawa kuli munthu amene timamudziwa bwino, ndiye mkamwini. Mnyamata akakwatira amakakhala kumudzi kwa mkazi. Amamanga nyumba, amaswa mphanje, amadzaza nkhokwe, amabereka ana. Apongozi amamulemekeza, nkhuku imamuphedwera. Zaka 30 zimatha, imvi n'kumera pamudzi pomwepo. Koma ikabuka nkhani ya mbumba, eni ake amadikira kuti ayambe wapita kudimba. Ana ndi ake, koma mawu omaliza ali ndi malume awo. Ndi chifukwa chake akamwini ena amazengereza kubzala mango, poti amadzifunsa kuti adzadya ndani. Ndiye mkazi akamwalira, maliro n'kumetedwa, ankhoswe amakhala pansi n'kumusudzula, ndipo nkhalamba imabwerera kwawo kumene ana a masiku ano saidziwa n'komwe.

Sindikunyoza mwambo. Uli ndi nzeru zake, umateteza malo a mbumba, ndipo mabanja ambiri lero sathamangitsa munthu. Kumene kuli chitengwa, ululu womwewu umagwera amayi. Ndikungofuna muganizire mtima wa munthu amene wakhala pamalo moyo wake wonse akudziwa kuti si pake.

Akhristu ambiri timakhala ndi Mulungu mwa chikamwini chotere. Kutchalitchi timabwera, chopereka timapereka, kwaya timayimba, koma timayenda monyang'ama ngati tili kuchipongozi. Mukatifunsa za kumwamba timayankha kuti kaya ngati tidzalowe. Mwana wolowerera uja wa pa Luka 15 anali ndi maganizo omwewa. Ali m'njira anakonza mawu atatu oti akanene: kuti wachimwa, kuti sayeneranso kutchedwa mwana, ndi kuti amulembe ganyu. Mukawerenge nokha mofatsa, ndipo muone chimene ine monga mphunzitsi wakale ndimachikonda pa ndimeyi. Atafika ananena mawu oyamba ndi achiwiri, koma achitatu aja sanatuluke. Atate wake anali atayamba kale kuitanitsa chovala, mphete ndi nsapato. Pempho la ganyu linafera m'kamwa.

Ndili pa ntchito ya uphunzitsi, ana a giredi 6 ankandifunsa pa phunziro la chipembedzo kuti, "Aphunzitsi, moyo wosatha sitidzatopa nawo?" Funsoli ndi lanzeru. Mwana amene wakhala pa benchi maola atatu Lamulungu ali ndi chifukwa chofunsira. Kutalika pakokha si mphatso. Funsani wodwala amene wagona pamphasa chaka chathunthu ngati akufuna masiku otere asathe. Chimene Baibulo limalonjeza si kuchuluka kwa zaka kokha, koma amene tidzakhala naye m'zakazo. Wachifwamba wa pamtanda, pa Luka 23, anangopempha kuti adzakumbukiridwe, monga mmene mlendo amapemphera potsanzika. Yesu anamupatsa zoposa zimenezo, pomuuza kuti tsiku lomwelo akhala limodzi. Pa Yohane 14, usiku womaliza, Ambuye akukamba zokakonza malo, ndipo chifukwa chimene akupereka n'chakuti iye ndi ophunzira ake asakhalenso kosiyana. Za misewu ya golide ndi zipata za ngale zilimodi m'Chivumbulutso, koma ine ndimaona kuti alaliki timazikokomeza. Mwana amene wakhala kusukulu yogonera temu yonse sathamangira kwawo kuti akaone malata.

Ndipo taonani kumene ulendo ukulowera pa Chivumbulutso 21. Ife timaganiza za anthu okwera kupita kumwamba. Yohane anaona mzinda ukutsika, ndipo anamva kuti Mulungu akhala pakati pa anthu ake. Liwu limene analemba m'Chigiriki ndi la chihema, lofanana ndi limene lili pa Yohane 1:14, pamene pakukamba za Mawu amene anasanduka munthu. Mulungu ndiye akusamuka kudzamanga pamudzi pathu. Ulendo woyamba anabwera ngati mlendo, nagonekedwa modyera ziweto, nayenda wopanda nyumba yakeyake, naikidwa m'manda a Yosefe wa ku Arimateya. Akulu amati mlendo ndi mame. Mwana wa Mulungu analola kukhala mame pakati pathu kuti ife tileke kukhala mame kwa Atate.

Tsono ndilankhule ndi inu amene mtima wanu suli m'malo chifukwa cha manda. Mabanja ambiri kuno ali ndi machona, anthu amene anapita kumigodi ku Kitwe, ku Luanshya kapena ku Joni ndipo sanabwerere. Lero wachibale akamwalira ku Lusaka, abale amakongola ndalama kuti thupi liyende makilomita oposa 500 pa msewu wa Great East kudzagona ndi makolo. Ndi chikondi chimenecho, ndipo sindikuchitsutsa. Koma alipo ena mwa inu amene ndalama zinakana, munaika mwana wanu ku Chingwere pakati pa anthu osawadziwa, ndipo mpaka lero mumadziimba mlandu ngati munamutaya. Kumbukirani Bambo Leonard Kamungu, wansembe amene anachoka ku Nyasaland kudzayamba ntchito ya mpingo wathu ku Msoro. Anamwalira komweko mu 1913, kutali ndi mbumba yake. Kodi alipo anganene kuti anasochera? Mulungu satsegula kaundula wa anyakwawa kuti adziwe ake. Paulo pa Aroma 8 akuwerenga zinthu zimene anthu amaopa kuti zingawalekanitse ndi chikondi cha Mulungu, ndipo imfa ndiyo akuyamba kuitchula, n'kuikana.

Izi sizikutanthauza kuti musalire. Pa Chivumbulutso pomwe paja akuti Mulungu adzapukuta misozi, ndipo misozi yopukutidwa ndi imene munthu wafika nayo.

Wina anena kuti, ngati mwana sathamangitsidwa, basi tichite zimene tikufuna. Werengani mavesi 34 ndi 36 a Yohane 8. Ukapolo umene Yesu akukamba ndi wa tchimo, ndipo womasula ndi Mwana yekha. Mwana wa pakhomo amadzudzulidwa, nthawi zina kuposa waganyu, chifukwa munda akulimawo ndi wakenso. Iye mango amabzala. Pa ubatizo wanu wansembe analemba chizindikiro cha mtanda pamphumi panu, mpingo n'kukulandirani m'banja la Mulungu. Tsiku limenelo simunalembedwe ntchito ya miyezi itatu yoyeserera.

Ndipo popeza tchalitchi ndi khonde la nyumba imene tikuyembekezayo, tiyang'ane amene timamusunga ngati mkamwini pa parishi yathu. Mwina ndi mayi wamasiye amene anasiya kukhala kutsogolo chimwalirireni mwamuna wake. Mwina ndi nesi amene anabwera kuchokera ku Kasama, wakhala nafe zaka 8, koma pa masankho timanong'onezana kuti si wakuno. Lamulungu likubwerali, pogwada kulandira Mgonero, muone amene wagwada kumanja kwanu ndi kumanzere kwanu. Mfumu ndi mkamwini amalandira mkate wofanana, ndipo wansembe safunsa mudzi.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu, tikuika m'manja mwanu onse amene agona usiku uno pamalo pamene akuuzidwa kuti si pawo, amasiye, akamwini okalamba, ndi ana oleredwa kwa eni. Tonthozani amene anaika okondedwa awo kutali. Tichotsereni mtima waganyu, ndipo mutisunge kufikira tidzakuoneni maso ndi maso pamodzi ndi oyera anu onse, kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.