Njira Ziwiri za Cinenero ca Ayoruba

Nkhani ya lero iri ya mtundu wa Ayoruba, okhala kumwera ca kumadzulo kwa dziko la Nigeria, ndi ena m'maiko a Benin ndi Togo. Midzi yao yomveka ndiyo Ile-Ife, kumene iwo amati mtundu wao unayambira, ndi Oyo, Ibadan, Abeokuta ndi Lagos. Cimene ciyenera kugwira mtima wa mphunzitsi ndico mbiri ya cinenero cao, pakuti cinayenda njira ziwiri zosiyana, ndipo matsiriziro ace ali ndi phunziro.

Njira yoyamba inaoloka nyanja. Pamene ufumu wa Oyo unali kupasuka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800, nkhondo zinacuruka, ndipo anthu ambirimbiri anagulitsidwa ukapolo ku Cuba ndi ku Brazil. Ku Cuba anadziwika ndi dzina lakuti Lucumí, ku Bahia m'dziko la Brazil ndi dzina lakuti Nagô. Anapita manja okha, koma m'mitima anasenza nyimbo ndi mapemphero a kwa orisha, ndiyo mizimu yaikuru ya makolo ao, monga Sango wa mphenzi, Ogun wa citsulo ndi Yemoja wa madzi. Kufikira lero nyimbozo zimveka ku Havana ndi ku Salvador. Koma kumeneko cinenero sicinalowe m'sukulu za ana. Adzukulu anakula alikulankhula cinenero ca ku Spain kapena Cipwitikizi, ndipo Ciyoruba cinatsalira pa miyambo ya cipembedzo. Ambiri oyimba nyimbozo sakhoza kugula naco mcere pamsika.

Njira yaciwiri nayonso inayambira mu ukapolo. M'caka ca 1821 mnyamata dzina lace Ajayi anagwidwa m'mudzi wa Osogun, nagulitsidwa kwa Apwitikizi. M'caka ca 1822 zombo za nkhondo za Angerezi zinagwira ngalawa imene analimo, ndipo anamtsitsa ku Freetown m'dziko la Sierra Leone. Kumeneko anaphunzira, nabatizidwa m'caka ca 1825, nalandira dzina lakuti Samuel Crowther, nakhala mphunzitsi. Ngakhale anadziwa bwino Cingerezi, sanapeputse cinenero ca amace. M'caka ca 1843 anaturutsa buku la mau a Ciyoruba, ndipo m'caka ca 1846 anakakhala ku Abeokuta, kumene anapezananso ndi amace patapita zaka 25. Anakhala bishopu m'caka ca 1864, natsogolera nchito yomasulira Buku Lopatulika.

Nchito yolemba Ciyoruba inali ndi cobvuta cimodzi cacikuru. M'cinenero cimeneci liu liri ndi makwerero atatu: lokwera, lapakati ndi lotsika. Mau akuti ọkọ atanthauza mwamuna wa m'banja. Liu likakwera pothera, ọkọ́, ndilo khasu. Likatsika, ọkọ̀, ndilo bwato. Mphunzitsi wa kuno sadzadabwa, popeza adziwa kuti mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa malonda asiyana pa liu lokha. Olemba Cinyanja anasiya kusiyanaku kuti wowerenga adziwire yekha pa nkhani. Koma m'Ciyoruba mau otere acuruka ndithu. Cifukwa cace Crowther analimbikira kuti paikidwe tizizindikiro pamwamba pa zilembo tosonyeza liu, ndipo kadontho ka pansi kasiyanitsa ọ ndi o, ẹ ndi e.

Zipatso zace zinaoneka msanga. M'caka ca 1859 Henry Townsend anayamba kusindikiza nyuzipepala ya Ciyoruba ku Abeokuta, dzina lace Iwe Irohin. M'caka ca 1938 mphunzitsi wina, D. O. Fagunwa, anaturutsa buku la nthano yaitali ya mlenje, Ogboju Ode Ninu Igbo Irunmale, limene ana a sukulu analikonda kopambana.

Komabe makolo ambiri anaopa kuti mwana wophunzira m'Ciyoruba adzatsalira m'Cingerezi. M'caka ca 1970 Babs Fafunwa ndi anzace a pa yunivesite ya ku Ife anaganiza zoyesa mantha amenewa. Gulu lina la ana linaphunzira masamu, sayansi ndi maphunziro onse m'Ciyoruba zaka zisanu ndi cimodzi, Cingerezi cikuphunzitsidwa monga phunziro lapadera. Gulu lina linasiya Ciyoruba zitatha zaka zitatu, monga mwa cizolowezi. Pothera pace, ana a gulu loyamba sanacepe m'Cingerezi, ndipo m'maphunziro ena anapambana anzao aja. Nchitoyo inafuna thukuta, pakuti anayamba alemba mabuku atsopano, nafunafuna mau oyenera a masamu ndi sayansi, naphunzitsanso aphunzitsi.

Tsono aphunzitsi alingalire bwino. Kutsidya kwa nyanja cinenero cinasungika m'nyimbo, koma cinaleka kukula. Kwao cinalembedwa mosamala, cinawerengedwa, cinanyamula ngakhale masamu. Amene anacita zimenezi anali anthu a coko ndi bolodi monga inu. Mwana wofika pa sukulu ya kumudzi afika ndi cuma ca mau a kwao. Mphunzitsi wanzeru amange pa maziko amenewo, alembe cinenerocho molongosoka, ndipo asamcititse mwana manyazi pocilankhula.